FONI IKALI YAMOYO KOMA MAPULOGRAMU AKANA KULOWA

Wolemba Mtolankhani Wathu

PA 24 October, 2023, eni ace a WhatsApp analeka kutumikira mafoni onse amene Android wace anali wosafika pa nambala 5.0. Mafoni amenewo sanagwe pa mwala, sanalowe madzi, ndipo mabatire ace anali kusunga moto monga mwa masiku onse. Kuimba lamya anali kuimba, mauthenga a SMS anali kulowa. Koma nkhalamba ya ku Chadiza kapena ku Lundazi yokhala ndi foni yotere, imene inazolowera kuonerapo zithunzi za adzukulu a ku Kitwe ndi kumverapo mau a mwana wa ku Johannesburg, inapeza khomo lotseka, ndipo panalibe mmisiri pa msika amene akanalitsegula ndi sikuludiraiva.

Aka sikanali koyamba. Mafoni a Nokia a mtundu wa Symbian anatsekeredwa kunja kwa WhatsApp pakati pa caka ca 2017, a BlackBerry pa kutha kwa caka comweco, ndipo a Windows, amene ambiri tiwadziwa ndi dzina la Lumia, pa kutha kwa 2019. Mu February 2020 inakwana nthawi ya Android 2.3, mu November 2021 ya Android 4.0, ndipo mu 2025 iPhone 5s ndi iPhone 6 nawonso anasiyidwa m'njira. Mpanda umenewu umasuntha pakapita zaka zowerengeka, ndipo sunabwererepo m'mbuyo.

Nkhani iyi ikhudza ife a kumidzi koposa anzathu a m'tauni, pakuti foni ikamafika kumudzi kawirikawiri imakhala itatumikira kale munthu wina. Mwana wa ku Lusaka akagula yatsopano, yakale amaitumiza kwa makolo. Ena aigula ndi ndalama za nshawa kapena za thonje pa msika wa Kapata ku Chipata, itapukutidwa bwino ndi kuikidwa galasi latsopano. Kunja ioneka yonyezimira, koma msinkhu wace weniweni uli m'kati, ndipo ulembedwa ndi nambala imene ogula ambiri saifunsa.

NAMBALA YA M'KATI

Foni ya makono iriyonse iri ndi pulogramu yaikuru imene iyendetsa zonse za m'kati mwace. Mafoni a Tecno, itel, Infinix, Samsung ndi ena ambiri amene tiri nawo m'dziko lino ayendetsedwa ndi Android, wolembedwa ndi kampani ya Google ya ku America. Mapulogramu ang'onoang'ono amene acinyamata awachula kuti ma-app, monga WhatsApp, Facebook ndi a mabanki, amakhala pamwamba pa Android monga denga pa zipupa.

Pafupifupi caka ndi caka a Google atulutsa Android watsopano. Kale anali kuwapatsa maina a zakudya zotsekemera: KitKat, ndiye 4.4, anatuluka mu 2013, Lollipop, 5.0, mu 2014, Marshmallow, 6.0, mu 2015, Nougat, 7.0, mu 2016, Oreo, 8.0, mu 2017. Ndi Pie, 9, mu 2018. Kuyambira pa Android 10 wa mu 2019 anthu angouzidwa nambala cabe. Wofuna kudziwa nambala ya foni yace atsegule pamene palembedwa kuti Settings, atsikire pansi pa About phone, ndipo apeza mzere wa Android version. Amene maso abvuta atume mwana wa sukulu, ndipo nambalayo ailembe pa kapepala.

Tsono wina angafunse kuti, ngati Android watsopano atuluka caka ndi caka, alekeranji kungolowa m'foni yakale? Cifukwa cace ncakuti a Google samutumiza okha ku foni yanu. Ayenera kupyola coyamba kwa opanga kacipangizo kamene kali ubongo wa foni, monga a MediaTek, a Unisoc kapena a Qualcomm, kuti amugwirizanitse ndi kacipangizo kao. Kucokera apo apita kwa opanga foni yeniyeniyo, monga a Transsion a ku Shenzhen m'dziko la China, amene ndiwo eni ace a Tecno, itel ndi Infinix, kuti amukonze molingana ndi mtundu uliwonse wa foni. Nchito imeneyi idya ndalama ndi nthawi ya amisiri, pamene foniyo inagulitsidwa kale ndipo kampani sipezaponso ngwee. Motero mafoni ambiri a mtengo wotsika amakalamba ndi Android yemwe anabadwa naye.

Cimene cimalekeka si Android watsopano yekha ai. Palinso zigamba zotseka ming'alu imene akuba angalowerepo. Mu 2015 akatswiri anapeza mng'alu waukuru wochedwa Stagefright, umene ukanalola munthu woipa kulowa m'foni mwa kungotumiza uthenga wa kanema, ndipo kuyambira caka cimeneco a Google atulutsa zigamba mwezi ndi mwezi. Foni imene eni ace anaileka silandira zigambazi. Iri ngati nkhokwe imene mwini analeka kuimata: cimanga cikalimo, koma mbewa zidziwa kale polowera.

M'MENE PULOGRAMU IPANGIDWIRA

Pulogramu ya pa foni ilembedwa pa kompyuta. Amisiri ambiri agwiritsa nchito cida ca a Google cochedwa Android Studio, cimene cipezeka kwaulere, ndipo alemba m'zinenero za makompyuta za Java kapena Kotlin. Akatsiriza, zonse zimangidwa m'mtolo umodzi wochedwa APK, ndiwo umene ulowa m'foni.

M'mtolo umenewu muli mzere umodzi umene ugamula mlandu wa foni yakale. Wolemba pulogramu amachulamo Android wotsikitsitsa amene pulogramu yace ibvomera, ndipo mzerewo amisiri auchula kuti minSdkVersion. Iwo ali ndi kawerengedwe kaokao: KitKat ndi 19, Lollipop ndi 21, Marshmallow ndi 23, Nougat ndi 24, Oreo ndi 26. Mmisiri akalembapo 26, foni yokhala ndi Nougat ikana mtolowo ngakhale ikhale yamphamvu cotani. Mu Play Store, imene ndiyo sitolo ya mapulogramu ya a Google, pulogramuyo sioneka konse, kapena pamatuluka mau a Cingerezi onena kuti foni yanu siigwirizana nayo. Akalembapo 21, foni yomweyo ilandira popanda bvuto. Nambalayi isankhidwa ndi munthu, atakhala pa mpando mu ofesi.

Pano pali cinthu cimene ngakhale amisiri ena acisokoneza. A Google amakakamiza onse oika mapulogramu mu Play Store kuti aziwakonza caka ndi caka molingana ndi malamulo a Android watsopano. Lamulo limeneli likhudza nambala ina, ya kumwamba, ndipo silikakamiza munthu kukweza nambala ya pansi. Pulogramu imodzi ikhoza kumvera malamulo a Android wa caka cino ndi kulowabe m'foni ya zaka zisanu ndi zitatu zapitazo.

Komabe tisaweruze amisiri mofulumira, pakuti nawonso ali ndi zowakankha kumbuyo. Palibe amene alemba pulogramu yonse ndi manja ace. Amatenga zigawo zopangidwa kale, monga momwe womanga nyumba amagulira mafelemu a zitseko ndi mazenera. Zigawo za a Google zochedwa AndroidX zinakwezedwa mu 2024 kuti ziziyambira pa 21, ndipo caka cotsatira zinayamba kukwezedwa kufika pa 23. Wofuna kutumikira foni ya KitKat lero ayenera kufunafuna zigawo zakale zimene palibe azikonza. Palinso pulogramu yobisika yochedwa Google Play services, imene mapulogramu ambiri aidalira pa mapu ndi pa kulandira mauthenga. Imeneyi inaleka kukonzedwa pa mafoni a KitKat mu August 2023, ndi pa mafoni a Lollipop mu July 2024.

Bvuto lina ndi la zidindo. Foni ikafuna kulankhula ndi kompyuta ya banki kapena ya nyuzipepala pa intaneti, imayamba yafunsa kalata ya umboni yotsimikiza kuti kompyutayo ndi yeniyeni, ndipo imayang'ana ngati cidindo ca pa kalatayo ciri pa mndandanda wa zidindo zimene inabadwa nazo. Bungwe la Let's Encrypt la ku America lipereka makalata otere kwaulere ku malo ocuruka zedi a pa intaneti, koma cidindo cace mulibe m'mafoni a Android wosafika pa 7.1.1. Kwa zaka zingapo bungweli linali kubwereka cidindo ca kampani ina kuti mafoni akale asatsekeredwe, ndipo makonzedwe amenewo anatha mu 2024. Ncifukwa cace foni yakale masiku ano icenjeza kuti tsamba ili nlosatetezeka pamene pa foni ya mnzanu litseguka bwino. Mmisiri wosamala akhoza kuika cidindoco m'kati mwa pulogramu yace, koma ayenera kucikumbukira. Tionjezepo kuti cenjezo lomweli limatulukanso ngati tsiku ndi caka za m'foni zasokonekera, monga zimacitikira batire ikacotsedwa. Musanapite kwa okonza, yambani mwaona deti.

KHOMO LA KUSERI

Android ali ndi ubwino umodzi umene iPhone za kuno ziribe: alola mwini foni kulowetsa mtolo wa APK wosacokera mu Play Store. Acinyamata a pa misika aidziwa bwino njira imeneyi, ndipo amapatsirana mapulogramu pa Bluetooth, pa memory card kapena ndi pulogramu ya Xender, popanda kutha bundle. Pa Android 7 ndi otsika, munthu atsegula Settings, napita pa Security, nabvomereza mzere wa Unknown sources. Kuyambira pa Android 8 cilolezo cimeneci cipatsidwa kwa pulogramu imodzi imodzi, imene mutsegulira mtolowo. Nchito ikatha, khomoli liyenera kutsekedwanso, makamaka pa mafoni akale pamene mzere umodzi uja utsegulira aliyense.

Njira imeneyi ithandiza kwenikweni pa mapulogramu amene agwira nchito paokha: Baibulo, dikishonare, cowerengetsera masamu, coimbira nyimbo, mabuku a ana a sukulu. Mtolo wa zaka zakale wa pulogramu yotere ulowa m'foni yakale ndipo utumikira mpaka foniyo itatha. Palinso sitolo ina yochedwa F-Droid, imene inayamba mu 2010, mmene mupezeka mapulogramu aulere amene malembedwe ace ali poyera kuti aliyense wodziwa awayese. Ambiri mwa iwo ndi opepuka.

Koma pa mapulogramu amene alankhula ndi kompyuta ya eni ace, mtolo wakale suthandiza. WhatsApp wa mu 2022 akhoza kulowa m'foni ya KitKat, koma akangoti agogode ku likulu amauzidwa kuti masiku ace anatha. Ena amabweza deti ya foni m'mbuyo kuti amunamize. Macenjera amenewa sakhalitsa, ndipo amabweretsa bvuto la zidindo lija tanena. Ndiponso kuyambira mu August 2021 mapulogramu atsopano a mu Play Store atumizidwa ku foni iriyonse atadulidwa molingana ndi foniyo, monga telala adulira malaya pa thupi la mwini. Mukakopera pulogramu yotere kucokera m'foni ya mnzanu, nthawi zina mumalandira zidutswa zosakwanira foni yanu, ndipo imakana kulowa kapena imatseka yokha.

Coopsya cacikuru ndi mitolo imene anthu osadziwika anaitsegula ndi kuisintha. Yochuka kwambiri ndi GB WhatsApp ndi abale ace, imene ikopa anthu ndi mitundu yokongola ndi kuwerenga mauthenga amene mnzako anafafaniza. Imeneyi siicokera kwa eni ace a WhatsApp, ndipo iwo anacenjeza poyera kuti atseka nambala ya munthu woigwiritsa nchito. Palibe angakuuzeni zina zimene wosinthayo anaikamo. Pa mafoni osafika pa Android 6.0 ngozi ikula, pakuti pulogramu ipatsidwa zilolezo zonse nthawi imodzi pa kulowa: kuwerenga ma-SMS, kuona maina a anthu anu, kutsegula kamera. Ndi pa 6.0 pamene foni inayamba kufunsa mwini cilolezo cimodzi cimodzi. Pulogramu ya tochi imene ipempha kuwerenga ma-SMS iyenera kukanidwa, pakuti m'ma-SMS ndimo mufikira manambala a cinsinsi ocokera ku banki.

Foni yokha iri ndi mlonda mmodzi amene tiyenera kumumvera. Mtolo uliwonse wa APK usainidwa ndi mwini wace, ndipo foni siilola mtolo wa siginecha ina kukhala pamwamba pa pulogramu imene irimo kale. Wina akakuuzani kuti muyambe mwacotsa pulogramu yeniyeni kuti yace ilowe, dziwani kuti afuna kulambalala mlonda ameneyu. Wofuna WhatsApp wosadzera mu Play Store amutenge pa tsamba la eni ace.

Pa za ndalama, mwai wathu ngwakuti Airtel Money, MTN MoMo ndi nchito yofanana nayo ya a Zamtel ziyenda ndi manambala aja oyamba ndi nyenyezi, amene amisiri awachula USSD. Njira imeneyi siifuna intaneti ndipo siifunsa nambala ya Android. Igwira ngakhale pa kafoni ka mabatani. Mwini foni yakale acita bwino kutumiza ndi kulandira ndalama m'njira imeneyi, kusiyana ndi kulowetsa mtolo wa banki umene wapatsidwa pa msika. Nambala ya PIN siiperekedwa kwa wokonza foni, ngakhale akhale mphwanu.

KUSINTHA ANDROID YENSE

Pali anthu odzipereka m'maiko osiyanasiyana amene amatenga Android watsopano namukonzera mafoni amene eni ace anawaleka. Gulu lodziwika kwambiri ndi la LineageOS, limene linayamba pa kutha kwa 2016 m'malo mwa lina lochedwa CyanogenMod. Foni imene iri pa mndandanda wao ikhoza kuonjezeredwa zaka zingapo za moyo. Tsoka lace nlakuti mndandandawo wadzala ndi mafoni a Samsung, Motorola, Xiaomi ndi Google, pamene a Tecno ndi itel amene acuruka m'midzi yathu sapezekapo kawirikawiri. Nchitoyi ifafaniza zithunzi ndi maina onse a m'foni, ikalakwika foni siiyakanso, ndipo mapulogramu ena a mabanki amakana foni yosinthidwa motere. Ndi nchito ya mmisiri wodziwa, pa foni imene mwini wabvomera kuti ikhoza kutayika.

KWA OLEMBA MAPULOGRAMU A KUNO KWATHU

Dziko lino liri ndi amisiri ace. Ku Lusaka kuli BongoHive, malo amene anayamba mu 2011 kusonkhanitsa acinyamata olemba mapulogramu, ndipo ena aphunzira nchitoyi pa University of Zambia ndi pa Copperbelt University. Mabungwe a zaulimi, a zaumoyo ndi a ngongole amawatuma kulemba mapulogramu a alimi. Apa ndi pamene nambala ija ya pansi ikhala nkhani ya ife tonse. Mmisiri wa m'tauni amayesa pulogramu yace pa foni ya m'thumba mwace, imene iri yatsopano, yokhala ndi malo ambiri, pansi pa netiweki yamphamvu. Pulogramu ikayenda bwino pamenepo iye amati yatha. Ikafika ku Vubwi ipeza foni ya 1GB, yodzala kale ndi zithunzi za ukwati, pa netiweki imene ibwera ndi kupita.

Kuti zitheka kulemba pulogramu yopepuka, umboni ulipo. Mu 2015 a Facebook anatulutsa Facebook Lite, mtolo wosafika ngakhale 1MB, wopangidwira mafoni ofooka ndi netiweki ya 2G. Pa kutha kwa 2017 a Google nawonso anatulutsa Android Go wa mafoni a mphamvu yocepa. Makampani amenewa sanacite izi cifukwa ca cifundo. Anawerenga anthu amene anali kutsala kunja napeza kuti ngocuruka.

Ife tiona kuti bungwe lirilonse lotuma mmisiri kulemba pulogramu ya alimi liyenera kuyamba latuma anthu ku midzi kukaona manambala a Android a m'mafoni a alimiwo, ndipo nambala ya pansi ilembedwe m'pangano la nchito. Pulogramuyo iyesedwe pa foni yakale yeniyeni yogulidwa pa msika. Izisunga zolembedwa m'foni pamene netiweki palibe, ndi kuzitumiza ikabwera. Ndipo cimene cingatheke ndi SMS kapena USSD cisakakamizidwe kukhala app. Tibvomera kuti kutumikira Android wakale kuonjezera masiku a nchito ndi ndalama, ndiponso kuti banki iri ndi cifukwa comveka cokanira foni yosalandira zigamba. Koma pulogramu yongouza mlimi mtengo wa soya kapena tsiku la katemera wa ng'ombe iribe cifukwa cotero.

POGULA FONI

Kumbali ya opanga mafoni zinthu zayamba kusintha, ngakhale ziyambira ku mafoni a mtengo wapatali. A Google mu 2023 analonjeza zaka zisanu ndi ziwiri za Android watsopano ndi zigamba pa foni yao ya Pixel 8, ndipo a Samsung analonjeza cimodzimodzi pa Galaxy S24 mu 2024. Maiko a European Union anaika lamulo loyamba kugwira nchito pa 20 June, 2025, lakuti foni yogulitsidwa kumeneko izilandira zokonza kwa zaka zosacepera zisanu kucokera pamene mtundu wace waleka kugulitsidwa. Mafoni otere adzafika m'misika yathu ali ogwiritsidwa kale nchito, koma masiku ao a m'kati asanathe.

Pakali pano wogula foni pa msika aiyatse asanapereke ndalama, ndipo atsegule About phone pamaso pa wogulitsa. Kuyambira mu August 2025 Chrome watsopano, amene ambiri atsegulira masamba a intaneti, afuna Android 10 kapena woposa. Foni yotsika pamenepo idzayamba kutsekeredwa makomo ena posacedwa, ndipo mtengo wace uyenera kutsika molingana. Pafupi ndi nambala ya Android pali mzere wina wonena za security patch, wokhala ndi mwezi ndi caka. Deti limenelo ndilo la cigamba cotsiriza cimene foniyo inalandira.